Kutenga chigawo cha paki ku America: malamulo a malo amene anadyapo ndalama za LWCF

Funsoli limabwera m'zovala zosiyana, koma ndi limodzi lomwelo: kodi chigawo cha paki chingatengedwe n'kugwiritsidwa ntchito ina? Mpingo wa a kwathu wagula tchalitchi chakale, kuseri kwake kuli paki ya mzinda imene udzu wake satchetcha, ndiye akulu a mpingo akufuna kagawo koimikapo magalimoto. Mayi wina wamva kuti khonsolo ikufuna kugulitsa bwalo limene ana ake amasewererapo mpira kwa kampani yomanga nyumba, akufunsa ngati pali chimene anthu a m'dera angachite. Wina walowa kumene ntchito mu ofesi ya mzinda ndipo amupatsa fayilo yomwe saimvetsa. Poti ntchito yanga ndi ya mapaki, onsewa amandipeza pa foni kapena pambuyo pa mapemphero. Ndalemba apa kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera. Ine si loya, ndipo nkhani ikafika pa siginecha mudzamufuna loya.

Choyamba mudziwe ndalama zimene tikunenazi. Mu 1964 Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo lokhazikitsa thumba lotchedwa Land and Water Conservation Fund, mwachidule LWCF, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1965. Ndalama zake zambiri zimachokera ku zimene makampani okumba mafuta ndi gasi m'nyanja amalipira boma lalikulu la ku Washington. Lamulo la mu 2020 linatsimikizira kuti madola 900 miliyoni athunthu a thumbali azigwira ntchito chaka chilichonse. Gawo lina limapita ku masiteti, masitetiwo n'kumagawira mizinda ndi makaunti kuti agule malo a paki kapena amange mabwalo, zimbudzi, tinjira ndi malo osambira. Kawirikawiri thumba limalipira theka, mzinda theka. Mathandizo otere apitirira 40,000, choncho mwayi woti paki ya pafupi nanu inadyapo ndi waukulu.

Ndalamazi zimabwera ndi chingwe, ndipo chili pa ndime ya lamulolo imene anthu a ntchitoyi amangoitchula kuti 6(f). Ndimeyi imati malo amene anagulidwa kapena kukonzedwa ndi ndalamazi sangasinthidwe ntchito kuchoka pa kukhala malo apanja osangalalirapo anthu onse, pokhapokha nduna yoona za malo a boma itavomereza, ndipo pakhale malo ena olowa m'malo mwake. Mphamvu ya ndunayi ili m'manja mwa National Park Service, NPS, nthambi ya boma lalikulu yoyang'anira mapaki. Kusintha ntchito kumeneku m'makalata amati conversion, ndipo mawuwo muwazolowere chifukwa ndi amene mudzalembe pa kalata iliyonse. Chingwechi chilibe tsiku lothera.

1. Fufuzani ngati pakiyo inalandirapo ndalamazi

Musadalire chikumbukiro cha meya kapena cha wosamalira paki. Thandizo la mu 1972 linasainidwa ndi anthu amene ambiri anapita kale. Lamulo limafuna kuti pa paki yotere pakhale chikwangwani chosonyeza kuti LWCF inathandizapo, koma zikwangwani zimagwa, zimachita dzimbiri, ena amazula. Kusowa kwa chikwangwani si umboni wa kanthu. Ngakhale chikalata cha umwini wa malo chikhoza kukhala chete, chifukwa kale si onse ankalembetsa chingwechi ku ofesi ya kaunti.

Pitani ku ofesi ya siteti. Siteti iliyonse ili ndi mkulu amene bwanamkubwa anamusankha kuti akhale mkhalapakati wa sitetiyo ndi NPS, amamutcha State Liaison Officer. Ku Indiana ndi ku Michigan ntchitoyi ili mu Department of Natural Resources, ku Texas ili mu Texas Parks and Wildlife Department, ku siteti ya Washington ili mu Recreation and Conservation Office. Alembereni, tchulani dzina la paki, mzinda ndi kaunti. Tchulaninso dzina lakale ngati pakiyo inasinthidwa dzina, chifukwa fayilo imakhala pa dzina la nthawi imene thandizo linaperekedwa. Pemphani zinthu zitatu: nambala ya pulojekiti, mgwirizano umene mzinda unasaina, ndi mapu a malire.

2. Werengani mapu a malire, osati risiti ya ndalama

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Amaona kuti thandizo linali lomangira chimbudzi ndi bwalo la tenesi, ndiye amaganiza kuti chingwe chili pa chimbudzi ndi bwalolo basi. Ayi. Chingwe chili pa malo onse amene ali mkati mwa mzere wa pa mapu amene mzinda unapereka popempha thandizo, ndipo kawirikawiri mzerewo umazungulira paki yonse. Kandalama kochepa ka zaka 50 zapitazo kakhoza kumanga maekala 60. Chimbudzicho ngakhale chinagwa kale n'kuchotsedwa, malo ake akadali omangika. Lamulo silikukakamizani kusunga chinthu chotha ntchito, koma nthaka ikhalebe ya paki.

Ndipo mapuwo sakonzedwa ndi cholembera mu ofesi. Ku Brooklyn, mu mzinda wa New York, m'mbali mwa mtsinje pafupi ndi mlatho wotchuka wa Brooklyn Bridge, kuli chinyumba chakale chosungiramo fodya chotchedwa Tobacco Warehouse. Chinali mkati mwa mzere wa paki imene inalandira thandizo la LWCF. Akuluakulu atafuna kuchipereka ku gulu la zisudzo, anati chinalowa pa mapu molakwitsa, ndipo NPS inavomera kujambulanso mzere. Mabungwe a anthu a m'deralo anakasuma, ndipo mu 2011 woweruza Eric Vitaliano anagamula kuti kujambulanso kuja kunali kosemphana ndi lamulo. Zinatengera kuyambiranso, kutsata njira yonse ndi kupeza malo olowa m'malo. Nyumba ya zisudzo ya St. Ann's Warehouse inadzatsegulidwa m'chinyumbacho mu 2015.

3. Onani ngati chimene mukufunacho chilidi conversion

Zinthu zinayi ndizo zimayambitsa nkhani. Kugulitsa kapena kupereka lizi ya malowo kwa munthu kapena kampani. Kugwiritsa malowo ntchito ina, ngakhale ya boma lomwelo, monga msewu, sukulu, polisi, malo a ozimitsa moto kapena nsanja ya mafoni. Kumanga nyumba yochitiramo zinthu mkati popanda chilolezo cha NPS. Kutseka paki kuti anthu wamba asalowemo. Malo oimika magalimoto a mpingo ali m'gulu loyamba, ngakhale mutalonjeza kuti pakati pa sabata aliyense angaimikepo.

Pali zina zimene zimadutsa popanda kubweza malo. Paipi ya madzi yodutsa pansi, ngati pamwamba pabwezeretsedwa mmene panalili. Ntchito ya kanthawi, monga kuunjika zipangizo zomangira msewu, ngati sipitirira miyezi isanu ndi umodzi. Denga pamwamba pa dziwe losambira m'madera ozizira. Koma zonsezi zimafunanso kalata yochokera ku siteti ndi NPS ntchito isanayambe. Si inu kapena khonsolo amene mumagamula kuti chanucho n'chaching'ono.

4. Dziwani amene amapempha, ndipo iwalani zobweza ndalama

Mpingo, kampani kapena munthu sangalembere NPS kupempha conversion. Wopempha ndi mwini paki, kaya mzinda kaya kaunti. Mwiniyo amapereka pempho ku siteti, siteti ikakhutira ndiyo imapititsa ku ofesi ya chigawo ya NPS. Ndiye ngati ndinu ofuna malowo, ntchito yanu yoyamba ndi kukopa khonsolo kuti isenze mtolowu, ndipo yembekezerani kuti idzati zolipira zonse zikhale zanu.

Pafupifupi aliyense amafunsa kuti, "Nanga bwanji tingobweza ndalama zimene boma linapereka, ndi chiwongoladzanja chomwe?" Sizitheka. Thandizoli silinali ngongole, ndipo lamulo lilibe khomo lobwezera ndalama. Zili ngati ng'ombe ya m'khola la banja: ukaitulutsa, akuluakulu safuna kumva za mtengo umene inagulidwira kale, amafuna ng'ombe ina ilowe m'kholamo. Malo amabwezedwa ndi malo.

5. Lembani njira zina zimene munayesa

Malamulo atsatanetsatane ali m'buku la malamulo a boma lalikulu, pa chigawo chotchedwa 36 CFR gawo 59, ndipo choyamba pa mndandanda wake ndi ichi: njira zonse zotheka zopewera kukhudza paki ziyenera kuti zinaunikidwa n'kukanidwa pa zifukwa zomveka. "Malo a paki ndi otchipa" si chifukwa. Onetsani mapuloti ena amene munawaona, chifukwa chimene sakukwanira, ndiponso ngati munayesa kuchepetsa kagawo kamene mukufuna. Ngati ndinu otsutsa kugulitsidwa kwa paki, pemphani kuona pepala limeneli. Nthawi zambiri limakhala lopyapyala, chifukwa chiganizo chinapangidwa kale ndipo njira zinazo anazilemba pambuyo.

6. Yezetsani mtengo wa malo onse awiri

Malo olowa m'malo akhale a mtengo wofanana kapena woposa wa malo otengedwa, pa msika wa lero, osati wa chaka chimene thandizo linabwera. Woyeza mtengo atsate miyezo ya boma lalikulu imene anthu a ntchitoyi amaitcha Yellow Book. Si woyeza aliyense amene amaidziwa. Amene anakuyezerani nyumba potenga ngongole ku banki mwina sanaigwirepo, ndipo lipoti lake lidzabwezedwa. Funsani musanamulembe ntchito. Pakhalanso woyeza wachiwiri wounika lipoti la woyambayo.

Chenjerani ndi nyumba zimene zili pa malo olowa m'malo. Ngati pali chinyumba chimene sichidzathandiza anthu obwera kudzasangalala, mtengo wake suwerengedwa. Mukhoza kulipira ndalama zambiri pa puloti chifukwa cha nyumba yake, pamapeto n'kupeza kuti chowerengedwa ndi nthaka yokha ndipo mtengo waperewera.

7. Pezani malo olowa m'malo

Mapulani ambiri amafera pano, ndipo ambiri amene amalangiza za nkhaniyi amangodutsapo ndi chiganizo chimodzi. Malo atsopanowo akwanitse zinthu zitatu nthawi imodzi: mtengo, phindu lake kwa anthu, ndi kuloledwa kwake. Za mtengo tanena. Tiyambe ndi kuloledwa, chifukwa ndiko kumadabwitsa makhonsolo.

Ganizo loyamba la khonsolo iliyonse limakhala lakuti, "Tili ndi paki ina kutsidya, tingolemba imeneyo." Sizololedwa. Cholinga n'chakuti malo osangalalirapo anthu asachepe, ndiye simungabweze ndi chimene anthu ali nacho kale. Malo amene ali kale m'manja mwa boma, kaya mzinda womwewo kaya nthambi ina, amaloledwa pokhapokha zinthu izi zitakwanira zonse: sanagulidwe ndi cholinga cha paki, sanapatulidwepo kapena kusamalidwa ngati malo osangalalirapo pa nthawi yonse imene akhala a boma, sanagulidwe ndi ndalama za boma lalikulu, kupatula mitundu yochepa imene lamulo limalola, ndipo ngati akuchokera ku nthambi ina ya boma, nthambiyo ikhale yokakamizidwa ndi lamulo kulandira malipiro. Mfundo yachiwiriyo ndi msampha. Puloti ya mzinda imene inagulidwira nkhokwe ya madzi, koma a zamapaki akhala akuitchetcha, anaikapo mabenchi awiri ndi zigoli, ikhoza kukanidwa chifukwa cha mabenchiwo. Yang'anani m'mabuku a bajeti ndi pa mapu a mapaki a mzinda kuti muone ngati pulotiyo inalembedwapo ngati paki. Njira yosavuta kuiteteza ndi kugula malo kwa munthu wamba. Koma musathamange kugula siteti isanawaone. Mukagula msanga, kenako n'kuwatsegulira anthu, mwawasandutsa paki ndi manja anu ndipo sangawerengedwenso.

Tsopano phindu kwa anthu. Lamulo limati malo atsopano akhale ofanana mokwanira ndi akalewo pa ntchito yake ndi pamene ali. Silinena kuti akhale oyandikana, silinenanso kuti bwalo la mpira libwezedwe ndi bwalo la mpira. Chofunika ndi kulemba bwino zimene malo akalewo amachitira anthu: ndani amabwera, amachokera kuti, amabwera pansi kapena pa galimoto, amadzachita chiyani. Kenako muonetse kuti malo atsopano adzakwaniritsa zosowa za kukula komweko. Kawirikawiri akhale mu ulamuliro wa mzinda kapena kaunti yomweyo. Madambo ali ndi mwayi wapadera: kuyambira mu 1986, dambo limene pulani ya siteti inalitchula kuti n'lofunika limatengedwa kukhala lofanana phindu ndi malo otengedwa, ngakhale pakale panali bwalo.

Kumasuka kwa mawu amenewa n'kumene kumabala mikangano, ndipo ine ndimaona kuti apa lamulo ndi lofooka. Anthu a ku South Bend ku Indiana amaidziwa Benton Harbor ya mu siteti ya Michigan, tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Michigan imene anthu ake ambiri ndi akuda komanso osauka. Kumeneko kuli Jean Klock Park, imene banja la a Klock linapereka ku tauniyo mu 1917 pokumbukira mwana wawo wamkazi. Pakiyo inalandirapo ndalama za LWCF. Omanga bwalo la gofu la Harbor Shores atafuna maekala pafupifupi 22 apakati pa pakiyo kuti aikepo mabowo atatu, NPS inakana mu 2007, kenako inavomera pempho lokonzedwanso mu 2008. Chimene anthu analandira ndi timapuloti tomwazikana, tina pa malo amene kale panali mafakitale ndipo nthaka yake inkafuna kutsukidwa. Anthu ena anakasuma koma khoti linasiya chilolezocho chilili. Pa pepala maekala anachuluka. Koma mchenga wa m'mbali mwa nyanja ndi kanjira kodutsa pa malo a fakitale si chinthu chimodzi kwa mwana amene amapita ku paki wapansi.

Ndiye ngati ndinu a m'dera, musalimbane ndi chiwerengero cha maekala, chifukwa pamenepo khonsolo imapambana. Limbanani ndi phindu. Yendani wapansi kuchoka pa paki yakale kufika pa malo atsopano, muwerenge misewu ikuluikulu imene mwana angawoloke, muone ngati basi imafikako. Funsani lipoti la kuyeza nthaka ngati pamalopo panali garaja, fakitale kapena dzala. Zimenezi muzilembe, muzitumize ku ofesi ya siteti, chifukwa chimene sichili mu fayilo woweruza sadzachiona.

Kanthu kenanso. Mukatenga chigawo chokha, chotsalacho chikhalebe paki yogwira ntchito. Msewu ukadula pakati n'kusiya kachidutswa kopanda khomo, kapena nyumba yatsopano ikatseka njira yopita ku mtsinje, kachidutswako kamawerengedwa ngati katengedwanso, ndipo mudzabweza konse. Mbali yabwino ndi yakuti puloti imodzi yaikulu ikhoza kubweza ma conversion angapo, choncho mzinda wanzeru umagula yaikulu kamodzi.

8. Zachilengedwe, zakale, ndi mawu a anthu

Chilolezo cha NPS ndi chiganizo cha boma lalikulu, ndiye chimadzutsa malamulo ena. Lamulo la zachilengedwe lotchedwa NEPA limafuna kuunika malo onse awiri, otengedwa ndi olowa m'malo. Ndime 106 ya lamulo losamala zinthu zakale la mu 1966 imafuna kufunsa ofesi ya siteti yoona za mbiri, ndiponso mafuko a Amwenye a ku America ngati malowo akuwakhudza. Ngati chotenga pakiyo ndi msewu wa ndalama za boma lalikulu, palinso ndime 4(f) ya lamulo la zamtengatenga, imene inaletsa msewu wa Interstate 40 kudula Overton Park ku Memphis pambuyo pa chigamulo cha khoti lalikulu mu 1971. Pempholo ligwirizanenso ndi pulani ya siteti ya malo osangalalirapo apanja, imene amaitcha SCORP. Nthawi yolandira ndemanga za anthu ikalengezedwa, musangoyankhula pa msonkhano. Lembani, sainani, sungani kope.

9. Musaiwale chingwe cha siteti

Paki imodzi ikhoza kukhala ndi zingwe zitatu. Ku New York mzinda sungachotse malo a paki popanda lamulo lapadera la nyumba ya malamulo ya siteti. Ku Massachusetts, Article 97 ya malamulo aakulu a siteti imafuna mavoti awiri mwa atatu alionse m'nyumba zonse ziwiri. Ku New Jersey malo amene anakhudzidwa ndi ndalama za Green Acres, pulogalamu ya sitetiyo yotetezera malo a mapaki, ali ndi njira yawoyawo. Ku Michigan kuli thumba la Natural Resources Trust Fund lokhala ndi chingwe chofanana. Palinso pulogalamu yakale ya mapaki a m'mizinda yotchedwa UPARR, imene chingwe chake chinakhudza Jackson Park ku Chicago pomanga Obama Presidential Center. Ndipo ngati malowo anali mphatso ya banja, chikalata cha mphatsoyo chikhoza kunena kuti abwerere kwa adzukulu akasiya kukhala paki. Chilolezo cha mmodzi sichimasula kwa winayo.

10. Dikirani siginecha, kenako londolani malo atsopano

Musakumbe, musamange mpanda, musasaine zogulitsana NPS isanavomereze polemba. Ikavomereza, mgwirizano wakale umakonzedwa, mapu atsopano amajambulidwa, ndipo malo atsopanowo amalowa m'chingwe chomwecho mpaka kalekale. Malowo agulidwe nthawi yomweyo. Pamene sizinatheke kuwapeza msanga, siteti imalonjeza polemba kuti idzawapeza, kawirikawiri pasanathe chaka. Zonsezi, kuyambira kalata yoyamba, werengerani chaka kapena kuposerapo, ndiye musalonjeze mpingo kuti magalimoto adzaima pamenepo pofika Khirisimasi.

Kuchedwa kumabwera pa kumanga malo olowa m'malo. Ku Bronx, mu mzinda wa New York, bwalo latsopano la Yankee Stadium, la timu ya baseball ya Yankees, linamangidwa pa malo a Macombs Dam Park ndi gawo la Mullaly Park. NPS inavomereza mu 2006, bwalo la timuyo linatsegulidwa mu 2009, koma Heritage Field, mabwalo a anthu wamba amene anamangidwa pamene panali bwalo lakale, anatsegulidwa mwamwambo mu 2012. Mbali ina ya malo obwezedwawo ili pamwamba pa nyumba yoimikamo magalimoto. Choncho pemphani kuti masiku omalizira ntchito ndi ndalama zake zilembedwe mu mgwirizano wa mzinda ndi wotenga malo, komanso chilango akachedwa.

Ena amayesa kuchita mwakachetechete, kudalira kuti palibe adzaone. Siteti imayendera paki iliyonse yotere kamodzi pa zaka zisanu, ndipo masiku ano zithunzi za m'mlengalenga zimaonetsa mpanda uliwonse watsopano. Nkhani yotere ikapezeka, mzinda umakakamizidwabe kubweza malo pa mtengo wa nthawi imeneyo, umene umakhala utakwera, ndipo mathandizo ena akhoza kuimitsidwa mpaka nkhaniyo itakonzedwa. Kwa mpingo wofuna poimika magalimoto 30, malangizo anga ndi akuti muyambe mwafunsa sukulu kapena sitolo yoyandikana nanu ngati ingakubwerekeni malo ake Lamlungu m'mawa. Mukaphatikiza oyeza mtengo awiri, woyeza malire, loya, lipoti la zachilengedwe ndi puloti yobwezera, lendi ya zaka zambiri imatsika mtengo kuposa kagawo ka pakiko.